Mmene Pepala la Nshawa Linandisankhira Koleji

Ana anga, makamaka iwe Taonga mdzukulu wanga, amene masiku ano ukungokhalira kundionetsa makoleji pa foni, ndalemba izi chifukwa pakamwa ndimafulumira kupsa mtima ndipo nkhani imathera panjira. Ntchito yolemba mapulogalamu a kompyuta ndaigwira moyo wanga wonse, ku Lusaka, ku Ndola, kenako ku Lusaka komweko mpaka pamene ndinapuma n'kubwerera kuno ku Kafue Estates. Mumandiseka kuti agogo Dailesi sakhulupirira chinthu chonyezimira. N'zoona. Chiyambi chake chili m'kabuku kabuluu kamene ndinkalembamo za tsiku lililonse ndili mtsikana. Ndakatsegula patebulo pano, ndipo pamene ndaiwala ndikukopera momwemo.

Januwale, nditangomaliza Giredi 12

Ntchito yanga yoyamba sindinaipeze ndekha. Anandipezera Ba Chanda, mnzawo wa atate. Iwo anali kalaliki wamkulu pa fakitale pamene atate ankayendetsa galimoto yonyamula katundu, komanso anali mkulu wa mpingo wathu ku Nangongwe. Ba Chanda anali Mbemba, atate anali a ku Chipata, choncho anali pachimbuya, mwambo uja woti anthu a mitundu iwiriyi azinyozana mmene angafunire popanda wokwiya. Akakumana pageti la tchalitchi, Ba Chanda ankafunsa ngati mbewa za dzulo zinapsa bwino, atate n'kuyankha kuti zinapsa kuposa anyani a kwawo. Anachita zimenezi Lamlungu lililonse kuyambira ine ndisanabadwe, ndipo sindinaonepo atate akuseka ndi munthu wina mmene ankasekera ndi iwo.

Anandiika m'chipinda cha kompyuta, kwa miyezi yochepa chabe, ndikudikira zotsatira za mayeso. Chinali chipinda chozizira, ndipo polowa unkavula nsapato chifukwa cha fumbi. Bwana wanga anali Ba Muleya, Mtonga wamtali wosakonda kulankhula, amene ankavala juzi ngakhale kunja kukuotcha. Ine ndinkataipa manambala a katundu wolowa ndi wotuluka, ndiponso ndinkaima pa pulinta kung'amba mapepala akamatuluka. Anali mapepala aatali olumikizana, a mizere yobiriwira, okhala ndi mabowo m'mbali zonse ziwiri. Nthawi imeneyo chilichonse chinali chosowa. Riboni ya inki tinkaitembenuza mpaka zilembo zinkaoneka ngati mizukwa, ndipo pepala tinkalisindikiza kuno ndi kuseri. Komabe pofika Lachisanu bokosi la pakona linkakhala litadzaza, chifukwa Ba Muleya akalemba pulogalamu yatsopano sinkayenda ulendo woyamba, ngakhale wachiwiri. Ankasindikiza, n'kuwerenga ndi pensulo yofiira m'manja, n'kukonza, n'kusindikizanso. Mapepala a manambala a fakitale tinkawatentha. A zolakwa zawo anandilola kupita nawo kwa amayi, amene ankagulitsa nsomba za ku Chanyanya pamsika wa Nangongwe, kuti azikulungira.

M'kabuku ndinalemba kuti: "Lero ndawerenga pepala limodzi ndisanawapatse amayi. Ndamva mizere itatu. Ikuuza makina kuti katundu akatsala pang'ono, alembe nyenyezi pambali pake. Choncho munthu angathe kuuza makina chochita, iwo n'kumvera. Ambuye, ndikufuna kukhala munthu ameneyo."

Epulo, zotsatira zitatuluka

Masamu ndinakhoza bwino, koma malo a ku yunivesite sanandikwanire. Atate anandikhazika pansi pa mtengo wa mango n'kundiuza poyera kuti adzandiphunzitsa chaka chimodzi, pa koleji imodzi, kamodzi kokha. Kumbuyo kwanga kunali ang'ono anga anayi. Ndikalakwitsa, kunalibe kubwereza. Ndikanakhala pambali pa amayi n'kumaingitsa ntchentche pa nsomba.

Sabata lisanathe Ba Chanda anabwera ndi yankho. Mlamu wawo anali atatsegula koleji ya makompyuta ku Lusaka, mwana wawo Bupe, amene tinkaimba naye kwaya, ankayembekezera kuyamba komweko, ndipo malo anga anali atasungidwa kale. Atate anakondwa ngati Mulungu wayankha pa telefoni. Loweruka tinakwera basi tonse anayi kukaona.

Kolejiyo inali pamwamba pa sitolo ya nsapato, pakati penipeni pa tauni. Pansi panali kapeti, m'mawindo munali makatani ofiirira olemera, ndipo pakhoma panali masatifiketi a m'mafulemu okhala ndi chidindo chagolide. Mlamu wa Ba Chanda, bambo waulemu wonunkhira bwino, anatipatsa zakumwa zoziziritsa kukhosi, kenako anatulutsa kiyi m'thumba la jekete n'kutsegula chitseko cha mkati. Munali mizere iwiri ya makompyuta, iliyonse itafundidwa nsalu yoyera. Anavundukula imodzi, ya kutsogolo, n'kuiyatsa, ndipo zilembo zobiriwira zinatuluka kutilandira. Atate anavula chipewa.

Ine ndinkayang'ana zina, ndipo ndinkadzida pochita zimenezo. M'chipindamo munali motentha, ndipo palibe amene anatiuza kuvula nsapato. Mabatani olembera a kompyuta ija anali oyera onse, pamene pa makina a Ba Muleya zilembo zina zinali zitafufutika ndi zala, unkangozidziwa pamtima. Pulinta inali idakali m'pulasitiki wake. Ndinafunafuna bokosi la mapepala otaya, pakona, pansi pa matebulo, kuseri kwa chitseko, koma sindinalione. Nditapempha kuti nditaipeko dzina langa, bamboyo anaseka n'kuuza atate kuti ali ndi mwana wachangu, koma makinawa ndi osakhwima, amakhudzidwa ndi okhawo amene alembetsa. Anabwezera nsalu ija, n'kukhoma.

M'basi atate ndi Ba Chanda ankanyozana za amene adzayambe kugulidwa suti ndi mwana wake. Tsiku limenelo ndinalemba kuti: "Onse akondwa kupatula ine. Mwina ndili ndi mtima woipa. Anthu aukhondo alipo padziko, mwina amataya zinyalala tsiku lililonse. Koma n'chifukwa chiyani anayatsa imodzi yokha?"

Meyi

Ndinalimba mtima n'kufunsa Ba Muleya. Sanatembenuke. Anati za koleji ya makatani sakuidziwa, koma kuseri kwa njanji ku Lusaka, kumene kuli magalaja, kuli mayi wina wa Chilozi, Ba Lungowe, amene anagwira naye ntchito kale, ndipo amaphunzitsa m'nyumba ya malata. Ndinathokoza, koma mumtima ndinawakayikiranso iwowo. Ba Chanda anali ndi mlamu, Ba Muleya anali ndi mnzawo wakale. Aliyense ankandikankhira kwa munthu wake, ndipo chaka chimene chikanaonongeka chinali changa ndekha. Ndinafika poganiza kuti mwina Ba Muleya akufuna ndilephere kuti ndibwerere kudzawang'ambira mapepala. Mulungu andikhululukire, ndinalemba zimenezo m'kabuku.

Loweruka lotsatira ndinaperekeza amayi ku Chanyanya kukagula nsomba. Padoko panali msodzi wachilendo, wa bwato lopakidwa penti yatsopano ndi maukonde oyera, amene ankaitana azimayi n'kumalonjeza kuti aziwasungira nsomba sabata lililonse akangogwirizana naye. Ankalankhula bwino, ndipo ine ndinati timumvere. Amayi anangomudutsa, osamuyang'ana n'komwe, n'kupita kwa mkulu wina wa bwato lachigamba, pamalo ponunkha pamene unkaponda mosamala. Pobwerera, dengu lili panjinga, ndinawafunsa chifukwa chake.

"Iwe unali kuyang'ana bwato," anatero amayi. "Ine n'nali kuyang'ana pansi. Pamene bapaya nsomba pamankhala mamba. Paja panali chabe mchenga woyela monga pa kalenda."

Iwo ankanena za nsomba basi, za koleji sanali kuziganiza. Koma ine ndinaganiza za koleji njira yonse. Mamba a kompyuta ndinkawadziwa. Ndinkawanyamula m'manja mwanga Lachisanu lililonse. Ngati ana asukulu akulembadi mapulogalamu, ndiye kuti akulakwitsa, ndipo ngati akulakwitsa mapepala akutayidwa. M'masiku amenewo pepala lotayidwa silinkafika kudzala. Linkathera kwa azimayi ogulitsa zakudya pakhomo pomwepo.

Mwayi unapezeka Ba Muleya atandituma ku Lusaka kukatenga riboni. Kunyumba ndinanena za riboni zokha. Ndinayambira ku koleji ya makatani, koma sindinakwere masitepe. Pansi, pambali pa sitolo ya nsapato, panali mayi wonenepa wa duku lachikasu akukazinga zitumbuwa. Ndinagula ziwiri, anandikulungira mu nyuzipepala. Ndinamufunsa ngati alibe pepala la mabowo m'mbali, lochokera pamwambapo. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Iwe mwana, ufuna vitumbuwa olo ufuna pepala?"

Ndinati ndikufuna kudzaphunzira pamwambapo, ndiye ndikungofunsa. Anatembenuza chitumbuwa m'mafuta, akuseka chamumtima.

"Bana ba pamwamba apa bonse bamadya vanga, kuchokela pamene banasegula. Vamene bamataya ni ma choko na ma bolopeni yosila inki. Vija vimakompyuta ni bakwati, mwana wanga. Bamavivundukula chabe ngati kwabwela bachibale."

Anaitana mtsikana wina amene ankatsika ndi faelo, ndipo iyeyo anandiuza mosangalala kuti akulemba manotsi ambiri, kuti aphunzitsi ndi abwino, ndipo zogwira makina adzayamba teremu yamawa. Ndinamufunsa kuti ali m'teremu iti. Anati yachiwiri.

Kuseri kwa njanji ndinasochera kawiri. Chimene chinanditsogolera linali phokoso, lija la pulinta, ngati munthu akung'amba nsalu yaitali osapuma. Nyumbayo inali ya malata, yaitali, kale inali galaja, ndipo pakhoma panali padakali mafuta akuda. Pageti panali agogo ogulitsa nshawa, zimene ena amati mtedza, zokazinga m'timapepala topinda ngati nyanga. Ndisanafike pafupi ndinali nditaona kale mabowo. Ndinagula timapepala titatu. Agogowo anadandaula kuti mapepalawa amalimbirana ndi mayi wa chinangwa wa kutsidya kwa msewu, amene amabwera m'mamawa kudzaima pakhomo ngati mwana wasukulu. Ndinakhuthulira nshawa m'thumba la siketi n'kutambasula mapepala aja pabondo. Onse atatu anali a pulogalamu imodzimodzi, koma a ana atatu osiyana, dzina la aliyense pamwamba, ndipo aliyense analakwitsa pake. Munthu wina anali atazunguliza zolakwazo ndi inki yofiira, mokwiya, mpaka pepala kubooka.

Ba Lungowe anali mayi wamfupi, siketi yawo ili mbuu ndi choko. Sanandipatse mpando kapena chakumwa. Anandionetsa makina anayi okha, onse ali ndi ana awiriawiri, mabatani ake akuda ndi zala. Anandiuza kuti mwezi woyamba ndidzalemba mapulogalamu pa pepala ndi pensulo, kuti makina ndidzawakhudza maola awiri pa sabata, kuti magetsi akazima pa nthawi yanga ndiye kuti yapita, ndiponso kuti ambiri amathawa chaka chisanathe. Satifiketi yawo inali pepala wamba, lopanda golide. Pomaliza anati, "Ngati ufuna va smati, yenda mu tauni." Ngakhale apo ndinakayikabe, poganiza kuti nkhanza nayonso ingakhale njira yokopera anthu. Koma pakona panali bokosi, ndipo linali losefukira.

M'mawa mwake ndinaika mapepala atatu aja patebulo la Ba Muleya, mafuta a nshawa ali mawangamawanga. Anawerenga loyamba, kenako lachiwiri, ndipo ndinamva chinthu chimene ndinali ndisanachimvepo: anaseka. Anati mwana uyu wauza makina kuti awerenge koma waiwala kuwauza poimira, ndipo iwonso anachita chimodzimodzi chaka chawo choyamba mpaka pepala linadzaza chipinda. Anandibwezera mapepalawo osanena kuti ndipite kapena ndisapite. Chifukwa cha kukhala chete kumeneko ndinasiya kuwakayikira.

Juni, Lamlungu lachiwiri

Ba Chanda anabwera kwathu titaweruka kutchalitchi, fomu ili m'Baibulo. Ya Bupe inali itasainidwa kale, ndipo mlamu wawo ankafuna yanga Lolemba. Ndinali nditayesa kawiri kuuza atate m'sabatamo, koma nditangotchula za nyumba ya malata anati ndisiye zachibwana. Atatha kudya nshima ndinabweretsa madzi osamba m'manja, kenako ndinagwada pambali pa tebulo n'kuikapo mapepala atatu aja. Ba Chanda ananyamula limodzi ndi zala ziwiri n'kulinunkhiza.

"Bashi Dailesi," anatero kwa atate, kutanthauza bambo ake a Dailesi m'Chibemba, monga ankawaitanira nthawi zonse, "ba ku Chipata mbeba zasila? Mwayamba kudya na mapepala?"

Atate anaseka, n'kunena kuti bola pepala silikwera mumtengo. Ndinadikira kuti amalize kuseka. Kenako ndinafotokoza zonse, maso ali pansi: za mabatani oyera, za pulinta ya m'pulasitiki, za mtsikana wa teremu yachiwiri, za agogo a nshawa. Za akwati sindinanene. Ndinamaliza ndi pempho limene ndinaliloweza panjira.

"Ba Chanda, nipempha chimozi chabe. Ba mulamu banu banipaseko pepala imozi monga iyi, yamene mwana wa pa sukulu yao analakwisa. Nikaiona, nizasaina lelo."

Amayi, amene anali pakhomo la khitchini, anabwerera mkati. Ba Chanda anaika pepala lija pansi pang'onopang'ono n'kupukuta zala ndi mpango. Sanakweze mawu.

"Nchito yamene uli nayo, anakupezela ndani?"

"Ndimwe."

"Manje wayenda ku Lusaka kufunsa bogulisa vitumbuwa za banja yanga."

Ndinati sindinafunse za banja, ndinafunsa za mapepala. Iwo anati ndi chimodzimodzi, ndipo lero, nditakalamba, ndikuona kuti sananame. Anapinda fomu ija n'kuibwezera m'Baibulo, anaimirira, n'kuthokoza amayi chifukwa cha chakudya. Kenako anatembenukira kwa atate, n'kuwerama pang'ono ngati kwa mlendo.

"Musale bwino, Ba Phiri."

M'moyo wanga wonse ndinali ndisanawamve akuitana atate ndi dzina la ku ofesi. Atate anawaperekeza mpaka pamsewu, koma palibe chimene tinamva, ngakhale mbewa kapena nyani. Atabwerera anakhala pampando nthawi yaitali. Sanandimenye, sanakalipe. Anangoti, "Wanivula pamaso pa munthu wamene anandinyamulila bokosi ya amai banga." Ndinadziwa kuti akunena za maliro a agogo, pamene Ba Chanda, monga mnzawo wa pachimbuya, anakumba manda, ananyamula bokosi, n'kuwapaka atate ufa kumaso mpaka anaseka ali pakati polira.

Masiku anayi atate sanandilankhule. Lachisanu ndinabwera ndi mapepala a Ba Muleya monga mwa nthawi zonse, ndipo amayi, amene sanaphunzire kuwerenga Chingerezi, anatenga limodzi n'kuliyala patebulo pambali pa aja a nshawa, pamene atate ankamwera tiyi. Atate nawonso sankamva zolembedwazo, koma maso anali nawo: mizere yofanana, mabowo ofanana, zozunguliza zofiira zofanana. Anayang'ana mpaka tiyi anazizira. Loweruka m'mawa ndinapeza fomu ya Ba Lungowe, imene anandipatsa tsiku lija ine n'kuibisa m'kabuku kanga, ili pansi pa mbale, itasainidwa. Potuluka anandiuza, osandiyang'ana, kuti ndikumbukire kuti ndi kamodzi kokha.

Julayi mpaka Okutobala

Ntchito yanga ya pa fakitale inatha kumapeto kwa Juni ndipo sanaionjezere. Sindikudziwa ngati panali dzanja la munthu. Ndinakayikira, koma umboni ndinalibe. Ndinayamba kukwera basi yoyamba ya ku Lusaka, n'kumayenda wapansi kuchokera pasiteshoni mpaka kuseri kwa njanji. M'nyumba ya malata munkazizira m'mawa, masana n'kumaotcha. Mwezi woyamba unali wa pensulo, monga anandiuzira. Wachiwiri, magetsi anazima pa nthawi yanga masabata awiri otsatizana, ndipo Ba Lungowe anangokweza mapewa.

Chowawa kwambiri chinali Lamlungu. Bupe ankabwera kutchalitchi ndi faelo yachikopa ndi mawu akuluakulu a makompyuta amene ine ndinali ndisanawamve, ndipo m'kwaya anasamukira mbali ina. Azimayi ankafunsa amayi ngati n'zoona kuti mwana wawo akuphunzira m'galaja. Pageti, atate ndi Ba Chanda ankagwirana chanza mwaulemu n'kufunsana za kunyumba, aliyense n'kulowera kwake. Atate anasiya kuchedwa pambuyo pa mapemphero. Ankafika kunyumba ife tisanafike, n'kukhala pansi pa mango ndi wailesi yosayatsa. M'kabuku muli tsamba limene inki inasungunuka, ndipo pakuwerengeka mawu awa okha: "Ngati ndinalakwa, ndawalanda atate mnzawo pachabe. Ngati sindinalakwe, ndawalandabe."

Pulogalamu yanga yoyamba yeniyeni inali yondandalika mayina a ana asukulu motsatira zilembo. Inakana kasanu ndi kanayi. Ulendo wina inasindikiza dzina limodzi lokhalokha masamba atatu mpaka Ba Lungowe anathamanga kukazimitsa pulinta, akundifunsa ngati mapepala amamera kumunda kwa atate anga. Tsamba lililonse linkabwerera ndi inki yofiira. Sindinapatse agogo a nshawa ngakhale limodzi, ndinkasunga m'chikwama chifukwa cha manyazi. Ulendo wakhumi, Lachinayi lina mu Okutobala, mayina anatuluka onse, m'malo mwake, ndipo makina anaima okha. Ba Lungowe anayang'ana, n'kunena kuti wotsatira akhale pampando. Kuyamikira kwawo kunali komweko.

Ndinafika kunyumba dzuwa lisanalowe. Tsamba labwino ndinapereka kwa atate ndi manja awiri, ndipo mulu wa olakwika ndinapatsa amayi kuti azikulungira nsomba. Atate anayang'ana tsamba labwino lija pang'ono chabe n'kundibwezera. Anatambasula dzanja kwa amayi, n'kutenga mulu uja. Anatsegula tsamba ndi tsamba, chala chili pa dzina langa pamwamba, kenako pa zofiira. Anafunsa ngati zonsezi ndinalakwitsa ndekha, pa makina, ndi zala zanga. Ndinavomera. Anapinda muluwo n'kulowa nawo kuchipinda.

Loweruka la sabata lomwelo

M'mawa atate anavala shati ya kutchalitchi n'kupita kumsika. Ine ndinali komweko, ndikuthandiza amayi. Atate anasankha nsomba youma yaikulu kuposa zonse, n'kukana nyuzipepala imene amayi anatenga. Anatulutsa masamba anga m'jekete, nakulunga okha, mosamala, dzina langa ndi inki yofiira zili kunja. Anamanga pa kaliya ya njinga n'kupalasa kulowera kwa Ba Chanda. Ndinafuna kuwathamangira. Amayi anandigwira mkono n'kundiuza kuti ndiingitse ntchentche.

Anabwerera masana, ife titafika kale kunyumba. Pa kaliya panali kaphukusi ka chinangwa, kokulungidwa mu nyuzipepala. Anatsamiritsa njinga pa mango n'kukhala, nkhope yosawerengeka. Amayi ndiwo anafunsa. Atate anafotokoza kuti anapereka nsomba ija n'kunena kuti abweretsa ndiwo m'mapepala a mwana wawo, ndipo akupempha kachinangwa m'mapepala a Bupe. Ba Chanda anatembenuza phukusi lija kangapo, analowa m'nyumba, ndipo anakhalitsa. Atate anamva akulankhula ndi Bupe motsitsa mawu, anamva madirowa akutsegulidwa. Potuluka anali ndi chinangwa mu nyuzipepala.

Mpaka lero sindikudziwa ngati makompyuta a pansi pa nsalu aja ankayaka onse kapena ayi. Bupe anamaliza komweko, anatenga satifiketi yake yagolide, ndipo pambuyo pake anatsegula sitolo ya zitsulo imene inamuyendera bwino. Sitinakambepo za nkhaniyi. Umboni wanga wonse ndi nyuzipepala ija. Iwe Taonga, masiku ano mapepala a mabowo kulibe, ndipo sindikudziwa kumene mamba amagwera. Ukawafune wekha. Ukapemphe kuona ntchito ya mwana wa chaka chino imene yakana kuyenda, ndipo uone ngati aphunzitsi akuidziwa.

Koma tsiku lija amayi sanakhutire. Anafunsa kuti nanga Ba Chanda ananena chiyani popereka chinangwacho. Atate anayang'ana kumbali, milomo ikunjenjemera, ndipo ndinaopa kuti alira.

"Anakamba ati, 'Imwe bakudya mbeba, mwana wanu walakwisa ka naini konse, na imwe mwavala shati ya ku chalichi kubwela kunionesa?'"

Apo m'pamene kuseka kunawatulukira, kuja kwa pageti la tchalitchi, mpaka anagwira njinga kuti asagwe. Atapuma anapukuta m'maso ndi chipewa n'kundiyang'ana, ulendo woyamba kuchokera mu Juni.

"Anitukwana, Dailesi," anatero. "Sabata yamawa ubwelese mapepala yenangu. Kolwe uja, nyani wa Chibemba, akonda nsomba."